Mafupa Nawo Amamva

M'bandakucha ku Brzeźno, mwezi wa Novembala,
mpweya umatuluka m'kamwa ngati utsi wa fodya.
Ndimamanga zingwe za nsapato kawiri,
n'kukoleka kachingwe kouma kuseri kwa mutu,
timapazi take tiwiri n'kutera pafupa,
patsogolo penipeni pa khutu, osalowamo.
Makutu amatsala pululu
ngati chitseko cha ophika buledi akangotsegula.

Nyimbo ikayamba, sichokera kunja ayi.
Imayamba yanyerenyetsa tsaya,
kenako n'kukwera m'chigaza
monga madzi akwerera m'mipope ya nyumba yosanja,
mpaka ndimaimva ngati ndaiganiza ndekha.

Koma mzinda suchoka.
Tiramu yoyamba ikulira kwiii pokhota,
mbalame za kunyanja zikulimbirana pepala la nsomba,
nkhalamba ya galu wa miyendo itatu
ikundipatsa moni, ine n'kuyankha ndisanatembenuke.
Kumbuyo, matayala pa masamba onyowa, tsapatsapa,
ndipatuka kumanja.
Adutsa.

Chaka chatha sindinapatuke.
Ndinali nditatseka makutu onse ndi timahedifoni tothina,
ndikuthamanga ngati ntchentche m'botolo.
Mnyamata woperekera katundu panjinga,
dzina lake Ziemowit, ndinaliwerenga pa pepala la apolisi,
ankangobwereza, milomo ikunjenjemera:
Ndinaimba belu katatu, mayi. Katatu.
Bondo langa lamanzere likadali ndi chipsera
chooneka ngati mbedza.
Kukazizira limandikumbutsa.

Bambo anga, a Mieczysław,
anagwira ntchito pansi pa madzi padoko la Gdańsk,
kuwotcherera mimba za sitima mumdima,
mpaka nembanemba za m'makutu zinang'ambika,
lamanja poyamba, kenako linalo.
Zaka makumi awiri takhala tikukambirana mokuwa.
Mchere! Ndati mchere, ababa!
Zothandizira kumva anaziponya m'dilowa
pamodzi ndi mabatani ndi makiyi osadziwika khomo.
Ankati zimawayabwa, zimalira mluzu,
ndipo palibe chanzeru chomwe akuphonya.

Lamlungu lina ndinawapitira thukuta lili kamukamu.
Ndinawapeza akusenda mbatatesi pa nyuzipepala.
Analoza ndi mpeni: Nanga ichi n'chiyaninso?
Sindinafune kukuwa.
Ndinangochivula, chikadali chofunda,
n'kuwaveka kuseri kwa imvi.

Mpeni unaima.
Khoko la mbatatesi linalendewera, osaduka.
Anayang'ana pawindo, anayang'ana wailesi yozimitsa,
anayang'ana ine ngati ndawabera kanthu.

Akodiyoni, anatero.
Osati mokuwa.
Ndi mawu amene ndinawamva komaliza ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Ikuchokera kuti?

Anagwira nsagwada ndi zala zonyowa,
anagwira pamphumi, anakukuta mano
kuti aone ngati ithawe.
Sinathawe.
Phazi lawo pansi pa tebulo linayamba lokha,
gu, gu, gu,
msuzi wa bitiruti n'kumasefukira pa chitofu,
tonse osadzuka.

Dokotala anadzatiuza pambuyo pake
kuti khomo ndi lomwe linawonongeka,
koma m'kati mwa nyumba munthu akadalimo,
ndipo kwa ena sizitheka choncho.
Ababa sanamve zonsezo.
Ankafunsa ngati kanthuka kamagwira mpira wa pa wailesi.

Sanandibwezere.
Ndimati ndigula kena mwezi ukatha,
mwezi n'kutha, lendi n'kudya zonse.

Tsopano ndimathamanga mutu uli wopanda kanthu.
Mafunde a Baltic akumenya mizati ya mlatho wa matabwa,
mpweya wanga, kuphwanyika kwa ayezi woyamba m'zithaphwi,
belu la njinga kutali, kamodzi kokha.
Ndipo pansi pa zonsezo pali kena
komwe kale sindinkakamva:
chidendene chikagunda pansi,
kugundako kumakwera mwendo, msana, khosi,
n'kufika pafupa lija, patsogolo pa khutu,
pomwe pankakhala timapazi tiwiri.