Chiphaso

M'mawa wa Juni pa Lizulu
chifunga chimawoloka msewu kuchokera ku Mozambiki
osapempha chilolezo kwa aliyense,
ndipo ine ndimadzuka ndi zala zouma gwa!
ngati misomali yadzimbiri.
Ola lathunthu ndimazinyengerera m'beseni la madzi ofunda
zisanavomere kugwira singano.

Pakhonde la golosale ya a Chimtengo
makina anga osokera angoti duu.
Mayunifomu a ana asukulu aunjikana,
diresi la ukwati wa Ferista likadali laimikono iwiri yosalumikiza.

Anthu ananena zawo.
Wina anati ndinaponda poipa.
Wina anati ndi mphepo ya kumapiri kuno.
Mlamu wanga anangoti ndi ulesi
wa munthu wozolowera ntchito yokhala pansi.
Mphini ndinatemera, khumi ndi ziwiri,
mfundo za zala zinangotupirabe.

Ku chipatala cha pa boma ku Ntcheu
a Ndau, a magalasi omanga ndi ulusi mwendo umodzi,
anafinya dzanja langa pang'onopang'ono
monga mmene timayesera mapeyala pamsika.
Anati, mayi, iyi ndi nyamakazi,
koma si ija ya ukalamba ayi.
Asilikali a m'thupi mwanu momwemo
akuthira nkhondo m'mudzi mwawo.

Anajambula kuseri kwa buku langa lachipatala.
Apa pokumana mafupa awiri, anatero,
pali kanembanemba kopyapyala ngati khungu la anyezi.
Msilikali mmodzi amafika, nkutumiza uthenga m'magazi:
bwerani, kuno kwalowa mdani!
Olandira uthengawo nawonso amaliza mabelu awo,
amaitana anzawo, anzawo nkuitana ena.
Mdani palibe.
Koma khamu likachuluka limafuna kudya, limafuna mpweya,
tsono uthenga wina umapita kwa mitsempha:
phukani, tambalalani, tifikeni kuno!
Ndipo timitsempha tatsopano timamera
ngati ngalande zopatutsa madzi m'dimba la kabichi,
kungoti izi zimathirira moto.
Njira zikachuluka asilikali amachulukanso.
Kanembanemba kaja kamanenepa, kamakwawa,
kamayamba kunyenya fupa m'mphepete
monga mbewa pa thumba la chimanga.

Ndinayang'ana chala changa chamkombaphala.
Chinali chofunda, chonyezimira.
Ndiye kuti mkatimu muli piringupiringu,
msika wa Lachitatu ndi Loweruka
umene suweruka?

M'minibasi pobwerera ndinkaganiza za kwathu.
Malire athu ndi phula lokhalokhali.
Tomato wa tsidya ilo timagula ndi ndalama ya tsidya lino,
timakwatirana, timaikana maliro,
mbuzi zimawoloka kukadya makoko a nthochi uko
nkubwerako madzulo zitakhuta.
Zaka makumi anayi ndi zitatu
palibe anandiimitsapo kuti onetsa chiphaso.
Lero thupi langa lomwe landiimitsa pa chipata,
likuti ndiwe yani?

Ndine amene, inu asilikali.
Ndine ndinakudyetsani kachewere ndi nyemba,
ndinakufunditsani bulangete m'chisanu chonse chija.
Chikuku munachigonjetsa ndinu,
malungo a chaka cha njala munawapirikitsa ndinu,
sindinaiwale.
Koma zalazi ndi zanu zomwe.
Zikapindika, mudzadya chiyani?

Tsopano Lolemba lililonse ndimameza timapiritsi tachikasu
toziziritsa mauthenga aja, akuti,
kuti mabelu azilira motsitsa,
kuti ngalande zatsopano zisakumbidwenso.
Tsiku lotsatira ndimachita nseru.
Miyezi ina mankhwala amasowa,
ndimabwerako ndi panado m'kathumba
ndi tsiku lina lolembedwa m'buku.

Siphiwe, mwana wa mng'ono wanga,
amabwera akaweruka kusukulu kudzandilowetsera ulusi pasingano.
Iye maso ndi zala, ine mapazi ndi nzeru ya msoko.
Dzulo tinalumikiza mkono umodzi wa diresi la Ferista.
Wachiwiri tiona mawa,
chifunga chikachoka,
madzi a m'beseni akazizira,
zala zikandizindikira.