Gawo Lotsiriza, ku Dzivarasekwa

Lachinayi lililonse, zaka zinayi tsopano,
mipando yapulasitiki imachoka kwa a Likongwe
kubwera kwathu, nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo,
poti ife tili ndi batire ya sola
ndipo magetsi a mu Harare salonjeza munthu.

Seweroli ndi la nthawi ya Chitaganya.
Yotamu, mnyamata wa ku Ntcheu,
anayenda pansi kudzera ku Tete
kudzaphikira mzungu ku Avondale.
Tamuona akupsereza nsalu ya patebulo ndi simbi yamakala,
akubisa chitupa m'sokosi,
akulembera Elube kalata
ndi pensulo yonyowetsa palilime.
Wamera imvi tikumuona.
Usiku uno akutha.

Mai Nachuma abwera ndi mpango wopukutira misozi
sewero lisanayambe.
Akuti akapanda kubwerera kwawo, iwo aswa wailesiyi.
Wailesiyo ndi yathu.
Rumbidzai wa kuseri kwa mpanda, amene Chichewa
amachidziwa potukwana pokha,
akufuna Yotamu akwatire namwino wa ku Mbare uja.
Elube wadikira zokwanira, akutero,
akwatiwe ndi mphunzitsi, moyo upitirire.
Mchimwene wanga Dalitso saonera nkhani,
amasaka zolakwika:
sabata yatha anapeza dishi ya kanema padenga
m'chaka cha fifite seveni,
mpaka lero sanatikhululukire kuti sitinaione.

Agogo aamuna, a Lufani, ali pampando wawo pakona.
Anaphika ku Highlands zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Salankhula seweroli likamaonetsedwa.
Amangosuntha nsagwada ngati akulawa msuzi wa wina.

Ndiye uyo Yotamu pa siteshoni,
jekete la bwana lomukulira m'mapewa,
tikiti m'manja, sutikesi pansi.
Wakhalira sutikesiyo.
Sitima yalira. Anthu akukwera ndi mitolo, ndi njinga, ndi nkhuku.
Nyamuka, akutero Mai Nachuma.
Nyamuka iwe!
Utsi wadzaza galasi lonse,
ndipo utsi utapungula
iye ali pompo,
akupinda tikiti kawiri, kanayi, mpaka yakana kupindika.

Mayina ayamba kukwera.

Phokoso lake, agalu a mzere wonse anayankha.
Zaka zinayi za batire yanga, akutero amayi.
A Likongwe akuti wolembayo ndi mwana,
sanasiyepo munthu kumudzi.
Rumbidzai akuti ndiye namwino uja bwanji, anangosowa?
Mai Nachuma sanaswe kanthu,
mpango uli kukamwa, akutukwanira momwemo.
Mafoni akuwala m'manja mwa ana,
msuweni wa ku Joni walemba kale
kuti pakhale gawo lina, tisayinire tonse.
Dalitso akuti wotchi ya pa siteshoni inali ya batire.
Palibe wamuyankha.

Sutikesi alakwitsa.

Tonse tatembenukira pakona.

Sizinali zachikopa, akutero agogo.
Wachikopa anali bwana.
Zathu zinali zamalata, zabuluu,
mkati mwa chivundikiro timamatamo nyuzipepala.
Ukaikhalira imalira.
Munthu sungakhale chete chonchija, anthu amakucheukira.

Atatero apempha ndodo yawo.

Mipando yabwerera kwa a Likongwe iwiriiwiri,
mkangano watsikira nawo mumsewu, wasanduka Chishona
pofika pa mjigo.
Ine ndikutsuka makapu.
Kuseri kwa khoma ndikumva chinthu chikukwekwereka pa simenti
kuchokera kunsi kwa bedi,
kenako malata akudandaula pang'ono
monga achitira akalemedwa ndi munthu.

Sindinagogode.
Dzina la mudzi wathu ndimalidziwa,
koma njira yake sindingakulozereni.

M'mawa ndawapeza pakhonde, atapolisha nsapato zonse ziwiri,
akuyang'ana makombi opita m'tauni.
Andifunsa osanditembenukira:
Nanga Lachinayi likubwerali
anthu aja abweranso?