Kuseri kwa Waya

Bondo langa limadziwa za mvula
a pawailesi asananene.
Lero lakhala chete. Ndiye kuti kuseweredwa.

Masiku onse ndimafika bwalo likadali lozizira,
anyamata a minibasi za ku Mtendere akungoyamba kukuwa.
Ndimasesa maluwa a jakaranda,
ndi kuthira laimu pomwe mzere wafufutika.
Ukonde ndinausoka ndi waya wa khola la nkhuku.
Mipira yanga yonse ndi yadazi,
ubweya wake unadyedwa ndi simenti ya Lusaka.

Kale ndinali Fostina Miti, dzina pa bolodi,
lolembedwa molakwika ku Nairobi,
maraketi atatu paphewa,
basi ya usiku yopita ku Harare,
mapazi atatupa pamzere wa ku Chirundu.
Ndinapambana kangapo. Ndinagonja kochuluka.
Chikho chimodzi chili kwa mlongo wanga ku Chipata,
amasungiramo misomali.
Ndalama zinathera m'matikiti ndi m'zingwe za raketi.
Kenako ku Gaborone, seti yachitatu,
ndikuthamangira kampira kogwera pafupi ndi ukonde,
kampira koti ndikanangokasiya,
china chake chinati thyoo m'bondomu.
Woweruza anafunsa ngati ndipitiriza.
Ine ndinati inde. Bondo linanena zina.

Zaka ziwiri ndinkagulitsa nsapato za salaula ku Kamwala.
Ndikamva mpira ukugunda kuseri kwa mpanda
ndinkatembenuzira nkhope kumsewu.

Anandibweza ndi mwana wa mlonda,
Tikambenji wa ku Kalingalinga, miyendo mbuu ndi fumbi,
akumenyetsa mpira wotola pakhoma la chimbudzi
ndi thabwa lochoka pa kabati.
Wamanzere. Wamakani. Osaphonya.
Ndinaima pamenepo, thumba la nsapato lili pamutu,
mpaka khosi linandikumbutsa kuti ndili ndi katundu.

Pinda mawondo, Tika.
Bwerera pakati.
Yang'ana mpira, usayang'ane ine.
Zaka zisanu ndi chimodzi mawu omwewo,
mpaka mmero kusasa ngati wa kondakitala.
Ndinafuna kumubwereka dzanja langa,
kamenyedwe kaja kamene azungu anakaombera m'manja ku Bulawayo.
Anakana.
Amamenya mokhota, zake zake, zoti m'buku mulibe,
koma mpira umagwa m'kati.
Kuphunzitsa, ndinazindikira mochedwa,
theka lake ndi kutseka pakamwa.

Mwezi watha anandigonjetsa, sikisi kwa thuu.
Anabwera paukonde akuchita manyazi, ngati waswa mbale.
Kunyumba ndinaika bondo m'madzi ozizira, magetsi atathima,
ndinaseka, ndinalira,
sindikumbuka chinayamba ndi chiti.

Tsopano tili pa bwalo la eni magalimoto,
mizere yake ya penti, mipira yonunkhira chitini.
Mnzakeyo ali ndi nsapato zimene sizinapondepo matope.
Tika wavala zanga zakale, tathithi m'zala muli nyuzipepala.
Bambo ake apempha theka la tsiku kuntchito,
aima patali, chipewa chili m'manja,
sadziwa chifukwa chake kuwerenga kumalumpha
kuchoka pa khumi ndi zisanu kufika makumi atatu.

Ine malo anga ndi kuseri kwa waya.
Pano mphunzitsi salankhula.
Zala zanga zakola m'maso a wayayu,
phewa langa likumenya mipira imene sikubwera kwa ine.

Seti yachitatu. Ali m'mbuyo.
Ndipo kaja kabwera,
kampira kofewa, kaulesi, kogwera pafupi ndi ukonde,
ndikukadziwa, ndinakumana nako kale.
Lilime likufuna kukuwa kuti kasiye!
Bondo lakale layamba kutentha.

Wathamanga.
Fumbi lofiira kumbuyo kwake, lamba wa nsapato atamasuka,
wafika, wakanyamula ndi dzanja lokhota lija,
kadutsa ukonde mokhudza pang'ono,
kagwa.

Anthu aimirira. Bambo ake aponya chipewa pansi.
Iye watola mpira wina, waupukuta pa siketi,
wabwerera kumzere wake.

Sanandiyang'ane n'komwe.
Chimenecho ndiye ndinamuphunzitsa ndine.