Khomo la pa Nara La

Phiri ili lili ndi khomo limodzi,
ndipo ine Ngodrup ndakalambira pakhomopo,
mbale yamtengo yoyezera ili m'manja.

Kumpoto kwathu kuli nyanja zouma, mchere wokhawokha,
nthaka youma gwa, mbewu imangofera m'phando.
Kummwera, kumene Karnali amabangula m'zigwa,
nkhokwe za balere ndi mpunga n'zosefukira
koma ndiwo zawo n'zozizira ngati madzi amvula.

Chipale chikasungunuka
nkhosa za Dhanjit Rokaya zimatulukira mumtambo,
mazana atatu, iliyonse timatumba tiwiri pamsana.
Chilankhulo chake ndimangodziwa manambala ndi zotukwana.
Changa iye amadziwa liwu limodzi: onjezera.
Zaka makumi awiri tachita malonda ndi mawu amenewa.

Ndiye kunabwera chaka chija mafumu anakangana.
Ena amati ndi msonkho wa pamlatho,
ena amati ndi hatchi ya mphatso imene inafika yotsimphina.
Asilikali anaunjika miyala panjira.
Mchere wanga unasanduka chulu kuseri kwa nyumba,
ana anga ankaunyambita, mimba zikulira.
Kutsidyako, ndinamva pambuyo pake,
anankafumbwe anakhuta balere
pamene ziweto zinkanyambita matanthwe, ubweya ukuthothoka.

Anayesa njira ya kum'mawa. Inadya abulu khumi ndi mnyamata mmodzi.
Ya kumadzulo ilibe madzi masiku asanu ndi limodzi.

Dzinja lachiwiri litapita akazembe anakwera,
wina mbali iyi, wina mbali iyo, onse wefuwefu,
milomo itang'ambika ndi mphepo.
Anakhala pachikopa changa, anamwa tiyi wanga wa batala.
Sanakondane. Sanayang'anane n'komwe.
Koma phiri linawapanikiza ngati anthu awiri pabulangete limodzi
mpaka anadinda pepala:
mlatho tikonza tonse, msonkho tigawana pakati,
wakuba nkhosa pano ndi mdani wa mafumu onse awiri.

M'mabuku analemba kuti mafumu anali anzeru.
Ine ndinaona amene anagwira cholembera: njala ndi thanthwe.

Tsopano akuti kuchigwa kukubwera mchere wa m'nyanja yaikulu,
woyera mbee, wotsika mtengo, wosakwera phiri.
Chaka chino Dhanjit wabwera ndi nkhosa makumi anayi zokha.
Ndamuyezera. Sananene kuti onjezera.
Ndaonjezera ndekha.