Pa Kauntala Yanga ku Gulf

Magetsi anabwerera pakati pa usiku ku Mufakose
mwaukali ngati wodzatolera ngongole.
Kakompyuta ka Ndaziona kanangoti phu,
basi, zii.

Ine ndimayamba ndi mphuno, mita pambuyo.
Fungo la tsitsi lowauka.
Fyuzi yada bii. Ndasintha.
Koma pofunika mavoti khumi ndi awiri
singano ikukakamira pa asanu ndi awiri,
ikunjenjemera.

Uyo kapasita, watupa mutu ngati chithupsa.
Ndamuzula ndi chitsulo chamoto,
ndawotcherera wina wochoka m'wailesi yakufa.

Ndaziona sakufunsa mtengo.
Akuti mawu a malemu bambo ake ali m'menemo,
akuseka m'Chichewa chimene iye amachimva theka.

Ndadina batani.
Fani yatsokomola fumbi,
kenako yayamba kupuma.