Thabwa Losawola

Anandiitana Lachiwiri, mvula yoyamba isanagwe,
NaMaseko wa kuseri kwa chigayo, pa Kamwendo.
Khonde la kumbuyo kwa nyumba linali litagwada.
Nditaponda thabwa limodzi, phazi linangoti fwo!
Chiswe chinadya m'kati monse
n'kusiya penti yokha yonamiza alendo.

Patebulo anayalapo zidutswa ziwiri.
China chobiriwira, paini wa ku Chikangawa
womwetsedwa mankhwala mpaka kumtima,
fungo lake ngati dibi ya ng'ombe.
Chinacho chofiirira, cholemera, chosalala,
chinabwera pa basi kuchokera ku Joni
m'chikwama cha mwana wawo Zondani:
utuchi wophikidwa pamodzi ndi pulasitiki,
mizere yake yochita kujambula ndi makina.

"A Kachingwe, mmisiri ndinu. Ndiuzeni."

Ndinachinunkhiza, sichinandiuze kanthu.
Ndinachikanda ndi chikhadabo, sichinadandaule.
Ndinachigogoda ndi nyundo: du, du,
mawu a chinthu chimene sichinaphukepo masamba,
chimene mbalame sinaterepo.

Koma bodza ayi. Ndinati:
ili siliwola, mayi,
chiswe chikaluma chimalavula.
Silifuna vanishi, silifuna oyilo wakuda wa galimoto,
kungokolopa basi.
Kungoti mtengo wake ndi waukulu, chonsecho si mtengo,
lidya mtedza wanu wa zaka ziwiri,
ndipo dzuwa la Okutobala likalikwiyira
adzukulu adzavinapo chimtali popanda ng'oma.

Paini ndimamudziwa ngati m'bale wanga woledzera.
Sadula, koma amapindika, amang'aluka,
amazula yekha misomali anthu ali m'tulo,
amasiya kaminga m'chidendene.
Chaka ndi chaka amafuna burashi ndi munthu wogwada,
ndipo paliponse pamene sowo yadutsa
mpofunika kupakanso mankhwala,
apo ayi chiswe chapeza khomo.

Zimene sindinanene ndi izi.
Pensulo ili kukhutu, ndinkawerenga samu ina.
Khonde lakalelo linkandiitana kawiri pa chaka.
Thabwa likatukula mutu
uthenga unkabwera ndi mnyamata wa kabaza.
Ndifike, ndikhome misomali itatu,
ntchito ya mphindi khumi,
kenako tiyi wa mandimu ndi mbatata,
nkhani za malemu amuna awo,
za mkazi wanga, nayenso malemu,
za mtengo wa feteleza, za kwaya yotha mawu,
mpaka mthunzi wa mango utakhudza mpanda.
La ku Jonili likhala zaka makumi awiri osatsokomola.
Makumi awiri!
Ine ndili ndi sikisite-folo.
Ndidzabwera kudzakonza chiyani?

Anatembenuza zidutswa zija, anazitembenuzanso,
dzanja lina likusisita bondo.
"Maondo angawa sagwadanso ngakhale kutchalitchi.
Zondani akuti alipira yekha.
Nanga inu mukuti bwanji?"

Ndinatambasula tepi ngati sindidziwa muyezo,
mamita anayi uku, atatu uku,
khonde limene ndalikwawa zaka zisanu ndi zinayi.
Tepi inabwerera yokha, thwa! n'kundiluma chala.
"Tengani la pulasitiki, mayi,"
ndinatero kukhosi kuli gwa.
"Ndi labwino. Simudzavutikanso."

Chigayo chinazima.
Tinamva nkhunda padenga, ndi wailesi ya oyandikana nawo
ikulengeza maliro a ku Mkanda.

"Chabwino," anatero.
"Koma masitepe otsikira kudimba,
atatu aja, akhale a paini.
Pakhomo pano pakhale chinthu chimodzi
choyankha munthu akachiponda."
Sanandiyang'ane.
Ankachotsa chisoso pachitenje
chimene ine sindinachionepo.

Ndinatsegula kope langa lamafuta.
Ndinalemba mitanda ya pansi, ya bulugamu wothira mankhwala,
matabwa a ku Joni makumi atatu,
simenti matumba awiri,
masitepe atatu, paini.
Pamzere wa misomali ya masitepewo,
Mulungu andikhululukire,
ndinalemba yaifupi.