Chingwe cha M'chipinda

Januwale wa ku Chinsapo sakambirana ndi munthu.
Mvula yagwa chiyambire Lachiwiri,
ndipo mita ya magetsi ikulira pakhoma ngati mwanapiye wosokera:
mayunitsi atatu ndi kachidutswa.

Nasibeko wakhoma misomali iwiri,
wina pamwamba pa zenera, wina pafelemu ya chitseko,
wakunga chingwe chomwe tinamangira matiresi posamuka,
wati, "Simbi ipume. Mwezi uno ndi wautali."

Ine ndinkaumitsa yunifolomu ndi simbi,
nthunzi ili tolotolo, mita ikumeza,
ola lathunthu pa buluku limodzi la ulonda.
Iye anawerengera pachikuto cha kope la mwana:
zomwe simbi imadya pasabata
ndi minibasi yopita kudepoti ndi kubwera, kawiri.
Ndinakhala chete. Masamu alibe chibale.

Tsono taphunzira kufinya.
Iye agwira uku, ine uko,
tipota bulangete mpaka mikono inyenyeke,
malaya tiwakulunga m'thaulo louma n'kupondaponda.
Poyanika, chovala chisakhudze chinzake,
zenera lisiyidwe pang'ono, kampata ka zala zinayi,
apo ayi mawa tonse tinunkha ngati thumba la chimanga chovunda,
ndipo nkhungu yakuda ikamera pakhoma
a landilodi adzaiwerengera pa lendi.

Pansi pali beseni, ndi chivundikiro cha ndowa.
Tho. Tho. Tho.
Kunja denga likulira, m'kati masokosi akuyankha.

Nyemba zikapsa, makala otsala pambaula
sitiwathira madzi. Akhale chapatali, pafupi ndi khomo,
apume mpweya wawo womaliza kuloza ku siketi ya sukulu ya Mwatitha.

M'nyumba muno tsopano aliyense amawerama.
Ukafuna mchere, uweramire buluku langa.
Ukafuna machesi, upepese kwa chitenje.
Dzulo abusa a mpingo anabwera kudzacheza,
anapemphera mutu uli pakati pa matewera awiri,
ameni wawo anatuluka wonyowa.
Mwatitha akuti ndi alendo opanda mitu
amene abwera kudzabisala mvula,
amawapatsa moni mmodzimmodzi asanagone.

Kunja chingwe cha tonse chili chokha, chikudontha.
Ndi pomwe paja nsalu ya pabedi inachoka masana dzuwa likuswa mtengo,
n'kutisiyira mapegi awiri ngati risiti.
Ndi pomwe ntchentche imaikira mazira pa chonyowa,
mwana n'kutupa chithupsa chokhala ndi mphutsi.
Muno mbala ilibe njira, ntchentche ilibe adiresi.

Folo koloko madzulo, nthawi yanga yonyamuka.
Ndikhudza malaya: kumsana kwauma,
kolala ndi m'khwapa mukadali kuzizira.
Nasibeko ayang'ana simbi, ayang'ana mita,
kenako ayang'ana ine.
Ndivala.
Kuzizira kundigwira ngati dzanja la nesi,
koma pofika pa mlatho wa Lilongwe, titapanikizana anayianayi pampando,
thupi langa lamaliza ntchito ya simbi.

Usiku, pageti la bwana, ndimamva makina awo oumitsira zovala
akuzungulira kuseri kwa khitchini, osatopa.
Sindiwachitira nsanje kwenikweni.
Ndimangoganiza za kambiya ka pawindo
momwe mwalowa ndalama ya simbi,
ndi babu limodzi lija likuyakabe kwathu,
Mwatitha akulemba masamu ake
pansi pa miyendo ya buluku langa lina.